Masabata Atatu a Kadontho Kobiriwira

Amuna anga anachira chifuwa chachikulu, koma mapapo awo sanabwerere mwakale. Mankhwala anamaliza onse osadumphitsa tsiku, chifukwa ine ndinkawaima pamutu m'mawa uliwonse ndi kapu ya madzi m'manja. Tsiku lomwe anatiuza kuti matenda atha, anesi a pakiliniki yathu ku Pembamoyo anandikokera pambali.

"Mayi, matenda apita koma asiya zipsera m'kati," anatero. "Bambowa utsi ndi fumbi aziziopa. Akadzabanika kwambiri, kuno tilibe chowathandizira kupuma. Mudzayenera kuthamangira ku boma."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinafuna kuseka. Aziopa utsi? Kuno? Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, dziko lathu limakhala likufuka. Uyu watentha tchire akusaka mbewa, uyo wasosa m'munda akutentha mapesi, wina wayatsa uvuni wa njerwa, winanso ng'anjo ya makala kuseri kwa phiri. Ungaletse ndani? Ine ndine mphunzitsi wa giredi folo basi, ndipo ngakhale ana anga a m'kalasi akaweruka amakagwira machesi.

Vuto lina linali mwini mapapoyo. Amuna anga ndi munthu wa dimba. Dimba lawo lili kutsidya kwa dambo, ndipo amapitako panjinga atamangirira makeni awiri othirira kumbuyo. Kuwauza kuti lero musapite kuli ngati kuwauza kuti lero musakhale munthu. M'mawa uliwonse wa chilimwe tinkakangana. Ine ndimatuluka panja, kununkhiza, nkubwerera.

"Lero kuli utsi, bambo. Khalani."

"Utsi uti? Umenewo ndi wa kukhitchini kwanu."

"Ndikunena ine kuti khalani!"

"Kodi ndabereka, kuti ndikhale m'chikuta?"

Atero, akankha njinga, ulendo. Ine ndimatsala pakhomo ndikutukwanira mumtima, kenako ndimapita kukaphunzitsa khutu limodzi lili kunjira ya kudambo. Mwana akathamanga panja pa kalasi, mtima umangoti phwii, ndimvekere abwera kudzandiitana. Ndinali wotopa, abale. Nkhawa imatopetsa kuposa khasu.

Ndinene msanga kuti pakamwa ndili napo. Mayi anga analinso choncho, ndipo sindinayambe ndabisa. Chinanso chomwe ndinatengera kwa iwo ndi kuluka. M'nyumba mwanga mulibe chinthu chamtengo chomwe chimakhala pamtunda. Wayilesi ili ndi kansalu kake, tivi ili ndi kake, makina osokera ndinawasokera chovala chawochawo, ngakhale ndowa ya madzi akumwa ili ndi kachipewa kolukidwa. Kwathu kuno ndi mmene timasonyezera kuti chinthu tikuchilemekeza. Pitani nyumba iliyonse, mukapeza batire ya sola itafunditsidwa chitenje. Amuna anga ankandiseka kuti, "Tsiku lina ndikadzagona tulo tamasana pampando apa, ndidzadzuka mutandilukira kansalu pamutu."

Chaka china, mvula itangosiya, kusukulu kunabwera galimoto kuchokera ku boma. Munali mayi wina wa zaumoyo ndi amuna awiri onyamula makwerero. Anabweretsa kabokosi koyera, kokula ngati wayilesi yaing'ono, kali ndi kasola kake pamwamba. Anati kamayeza utsi ndi fumbi zomwe zili mumpweya, nkumatumiza zomwe kapeza kudzera pa netiweki ya foni. Tina totere anali atatiika kale ku boma, ku Zingalume ndi malo ena angapo. Anakakhoma m'mwamba, kunsi kwa malata, kukhoma lakuseri kwa buloko yomaliza, mbali ya kubwalo la mpira komwe ine sindidutsadutsako. Tsiku lomwelo ana anakapatsa dzina lakuti kawayilesi ka mpweya, ndipo dzinalo linakhala.

Atamaliza kukhoma, mayi uja anakhala pansi ndi aphunzitsi kuwafotokozera mmene kamagwirira ntchito. Ine sindinamve. Mukudziwa mmene zimakhalira pakabwera alendo. Aphunzitsi aakazi tonse atatu tinali kuseri tikusosola nkhuku, amuna ali pamipando akugwedeza mitu. A mlonda athu, bambo wachikulire wofatsa amene wakhala pasukulupo kuyambira ndisanabwere, anali atatumidwa kukathamangitsa mbuzi kuti zisanyambite galimoto. Ndiye amene anamva kuti kunsi kwa kabokosiko kuli timabowo tokokera mpweya, ndipo tisamatsekedwe, anali amuna aja okha. Pambuyo pake palibe amene anaganiza zotiuza.

Titadya, ndinamugwira mayi wa zaumoyo uja pamkono nkumuuza za amuna anga. Anali munthu wabwino. Anatenga foni yanga, anabayabaya, nkundionetsa mapu a dera lathu ali ndi timadontho. Anati kadontho aka ndi ka sukulu yanu. Kakakhala kobiriwira, mpweya uli bwino. Kakakhala kachikasu, odwala chifuwa asamale. Kakafiira, akhale m'nyumba atseke mawindo.

Ndinafika nayo kunyumba foniyo ngati ndatola golide. Ndinawaonetsa amuna anga, ndipo tinapangana pangano. Kobiriwira, pitani. Kachikasu, pitani m'mamawa, mubwere dzuwa lisanakwere, kansalu pamphuno. Kofiira, palibe kutuluka. Ndinadabwa kuti anavomera osavuta.

"Ndavomera chifukwa kawayilesiko kalibe pakamwa ngati inu," anatero. "Kakati khala, kamangoti khala, sikawonjezera za achibale anga."

Ndipo zinayenda, zoonadi. Mikangano ya m'mawa inatha. Akadzuka amangofunsa kuti, "Aphunzitsi, kakuti bwanji kafoni kanu?" Kakafiira amang'ung'udza, koma amakhala, nkumasoka matumba kapena kukonza mipini. Kusukulu nakonso kanatitsegula maso. Tinaona kuti Lachisanu lililonse masana kadontho kathu kamafiira pomwe tinzake tili bwinobwino. Tinafufuza, tinapeza kuti ndi ife eni, timatentha dzenje la zinyalala ana ali m'kalasi mphepo ikulowetsa utsi m'mawindo. Tinasiya, tinayamba kukwirira. Masiku ofiira ana sankasesa bwalo kapena kuthamanga mpira. Ine ndinayamba kugona tulo. Kwa nthawi yoyamba panali china chondithandiza kusenza nkhawa, ndipo ndinachikhulupirira ndi mtima wonse.

Chakumapeto kwa Ogasiti tinamva kuti alendo aja abweranso kudzaona kabokosi kawo. Sabata imeneyo ine ndinali mphunzitsi woyang'anira ukhondo. Ndinazungulira sukulu yonse ndi ndodo yanga, mpaka ndinafika kuseri kwa buloko yomaliza. Nditakweza maso, ha! Kabokosi koyera kaja kanali kofiirira ndi fumbi, akangaude atamanga kuyambira pamalata mpaka pakasola, ndipo mavu anali atayamba kumata dothi pambali pake. Ndinapsa mtima. Ndinaitana a mlonda, ndipo sindinadikire kuti ana achoke.

"Agogo, kodi maso anu ntchito yake nchiyani? Chinthu cha mtengo wapatali chotere, anthu anachokera nacho kutali, inu mukuchisiya ngati chibekete cha kuchimbudzi? Alendo akabwera atiyesa anthu otani? Mukudziwa kuti moyo wa amuna anga uli pakabokosi kameneka? Kapena mukufuna ndikwere ndekha ndi chitenje?"

Ndinanena zambiri kuposa izi, zina sindingazilembe. Ana anaseka. A mlonda anavula chipewa, anachigwira ndi manja awiri, maso ali pansi. Munthu wa msinkhu wa bambo anga.

"Ndamva, mayi," anatero. "Pepani. Simudzakaonanso ndi fumbi."

Ndinachoka ndikudzimva kuti ndagwira ntchito. Alendo aja sanabwere, anatumiza uthenga kuti galimoto yawonongeka, adzabwera mwezi wina. Ine za kabokosi ndinaiwala, ndinkangoyang'ana kadontho ka pafoni.

Mawa lake kadontho kanali kobiriwira. Mkuja wake kobiriwira. Sabata yonse kobiriwira. Amuna anga anasangalala ngati mwana wotsekera sukulu, m'mawa uliwonse njinga panja, akuimba mluzu. Tomato wawo anali atayamba maluwa ndipo amafuna madzi tsiku ndi tsiku.

Koma ine china chake sichinkandikhalira. Tinali talowa mu Sepitembala. Dzuwa linkatuluka lofiira moti umatha kuliyang'ana osaphethira. Mapiri omwe timawaona tikaima pakhonde anasowa. Ndikayanika zovala ndimazipeza zitadzaza timaudzu takuda ta lupsa. Pamapu aja kadontho ka ku boma kanali kofiira, ka ku Zingalume kofiira, tonse tofiira, kathu kokha kali biriwiri pakati pawo. Amuna anga anayamba kutsokomola akamadya, chifuwa chouma chosatulutsa kanthu.

"Bambo, ine sindikumvetsa," ndinatero tsiku lina. "Kunjaku kukununkha utsi. Bwanji mupume kaye masiku awiri?"

"Kafoni kakuti bwanji?"

"Kobiriwira, koma..."

"Koma chiyani? Kakafiira ndi kanzeru, kakabiriwira kapenga? Munabwera nako ndinu, aphunzitsi. Pangano ndi pangano."

Ndinawasiya apite. Ndipo ndiulule, ndinayamba kudzinyengerera ndekha. Ndinkati mwina mphepo ikukankhira utsi kwina. Mwina sukulu yathu ili pamtunda. Mwina poti tinasiya kutentha zinyalala, Mulungu watiyang'ana. Mphuno yanga ndi mphuno ya munthu wamantha, imanunkhiza utsi ndi pomwe palibe, pomwe kabokosi kanapangidwa ndi anthu ophunzira. Ndinafika mpaka ponyadira. Mnzanga wina wophunzitsa ku Zingalume atandiimbira kudandaula kuti ana ake akutsokomola, ndinamuuza kuti asamukire kwathu kuno kumene kuli mpweya wa azungu. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, ine ndinali ndisanagwe chabe.

Sabata yachitatu, Lachiwiri, mayi wa zaumoyo uja ananditumizira uthenga. Anati manambala a kabokosi kathu sakusuntha, akungokhala pamodzimodzi usana ndi usiku, zomwe si zachilendo pang'ono. Anandipempha kuti ndikakayang'ane ngati kali bwino. Ndinali ndi mulu wa makope oti ndichonge. Pa nthawi yopuma ndinaona a mlonda akudutsa ndi wilibala, ndinawakuwira ndili pakhomo la kalasi.

"Agogo, kawayilesi kaja kali bwino?"

Nkhope yawo inawala. "Kali bwino kwambiri, mayi. Ndimakayendera tsiku lililonse."

Ndinamuyankha mayi uja kuti zonse zili bwino. Kuchokera pakhomo la kalasi yanga kukafika kuseri kwa buloko yomaliza ndi mtunda woti ukhoza kuponya mwala kawiri. Sindinapite.

Lachinayi m'mawa amuna anga sanatulutse njinga. Ndinawapeza atakhala pampando wa pakhonde, dzanja lili pachifuwa, tiyi akuzizira pansi.

"Lero pachifuwapa pakundithina," anatero. "Kapena ndikhale."

Mvetsani bwino. Munthu amene ndinakangana naye zaka ziwiri kuti akhale pakhomo, tsiku limenelo ananena yekha ndi pakamwa pake kuti akhale. Ine ndinali nditachedwa, ndikusaka makiyi a kabati, mutu uli kumayeso a ana. Ndinayang'ana foni. Kobiriwira. Ndinakumbuka tomato uja, kuti dzulo lake anadandaula kuti akufota. Ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Aaa, lero mwayamba ulesi? Si inu munkati pangano ndi pangano? Onani, kobiriwira. Pitani mukathirire, mubwere msanga. Kapena ndikukonzereni chikuta?"

Ndinanena moseka. Iwonso anaseka, anamwa tiyi wozizirayo, anamangirira makeni. Ndinawaona akutsika ndi njira ya kudambo, ndipo asanafike pamtengo wa mango wachiwiri anali atazimirira mu utsi. Ndinaona ndi maso anga awa, koma ndinatembenuka nkupita kuntchito.

Cha m'ma leveni kumwamba kunada mbali ya kudambo. Wina anali atayatsa udzu wa m'dambomo, ndipo mphepo inali ikuwomba kulowera kumadimba. Ana anayamba kutsokomola m'kalasi. Ndinatulutsa foni pansi pa tebulo. Kobiriwira. Choko chinandigwa kawiri. Ndinawaimbira, foni yawo inangolira. Ndinaimbanso, inangolira. Ndinalemba masamu pabolodi osadziwa zomwe ndikulemba. Mumtima ndinkangoti abwera, aona utsi abwera, si mwana.

Amene anabwera ndi mayi wina woyandikana nawo dimba. Sanagogode. Anangoima pakhomo thukuta lili kamukamu, duku lili m'manja.

"Aphunzitsi, tiyeni. Abambo agwa."

Anthu anawanyamula pangolo ya ng'ombe yomwe inkatuta njerwa chapafupi. Ndinakumana nayo panjira, ndikuthamanga opanda nsapato imodzi. Anali atawakhazika chotsamira, pakamwa pali yasa, milomo itatuwa, mapewa akukwera ndi kutsika. Mpweya unkalowa ndi kaphokoso ngati ka mluzu. Anandiyang'ana, anafuna kulankhula, sanathe. Ndinakwera m'ngolomo nkuwagwira mutu. Ng'ombe zimayenda pang'onopang'ono, abale, sindinadziwe kuti zimayenda pang'onopang'ono choncho. Ndinamukalipira mwini ngolo njira yonse, munthu amene amatithandiza.

Pakiliniki anesi aja anangowayang'ana kamodzi nkuyamba kuimba foni ku boma. Sanandinene kanthu. Bola akanandikalipira. Tinadikira ambulansi ine ndikuwakupiza ndi kope la mwana wina lomwe ndinapezeka nalo m'manja. Ndinkawerenga kupuma kwawo, ndipo pakati pa kupuma kumodzi ndi kwina ndinkafa ndi kudzukanso. Ndinapemphera mapemphero opanda mutu. Ndinalonjeza Mulungu zinthu zomwe sindikuzikumbukanso.

Ku chipatala cha ku boma anawaika chipangizo cha mpweya pamphuno. Masiku awiri oyamba adokotala sankandiyang'ana m'maso. Tsiku lachitatu amuna anga anatsegula maso bwinobwino nkufunsa ngati wina wathirira tomato. Ndinatuluka panja kukalira.

Ndili pabenchi panjapo, mayi wa zaumoyo uja anandipeza. Anali atamva. Anakhala pambali panga, anandipepesa, kenako anafunsa mofatsa kuti, "Mayi, kabokosi kaja munakakaona ndi maso anu?"

Ndinapukusa mutu. Iye sanafunsenso, anangondiuza za timabowo tokokera mpweya tomwe tili kunsi kwake.

Lolemba ndinasiya amuna anga ndi mchemwali wawo, ndinakwera galimoto yam'mamawa kubwerera ku Pembamoyo. Sindinadutse kunyumba. Ndinalunjika kuseri kwa buloko yomaliza nkukweza maso.

Kabokosi kanali mbee, koyera ngati tsiku lomwe kanabwera. Kanali m'pulasitiki yoonekera, ija yokhuthala ya m'kati mwa thumba la feteleza, yotsukidwa bwino. Anakakulunga konse kusiya kasola kokha, m'makona anapinda mwaluso, ndipo kukamwa kwa pulasitikiyo anamanga ndi mphira ya chubu cha njinga, kuzunguliza kangapo, mfundo yake yooneka bwino. Ngakhale nyerere sikanalowa. Masabata atatu onse kawayilesi kathu kanali kakuyeza mpweya wa m'thumba.

Ndinamva mapazi kumbuyo, anali a mlonda. Anavula chipewa.

"Mayi, pepani ndi matenda. Abambo ali bwanji?"

Ndinaloza m'mwamba. Iwo anayang'ana komweko, ndipo anamwetulira pang'ono, mwamanyazi, ngati munthu amene ntchito yake yaonedwa pomaliza.

"Mwakaona? Ndinakapukuta kaye ndi kansalu konyowa. Pulasitikiyo ndinachita kukapempha kwa mlamu wanga. Chiyambire tsiku lija sipanagwe fumbi ngakhale pang'ono. Poti munati moyo wa abambo uli pamenepo, ndinati ndikasamale kwenikweni."

Ndinali nditabwera ndi mawu odzaza pakamwa. Njira yonse m'galimoto ndinkawakonza, osadziwa kuti ndikawathira ndani, koma ndikudziwa kuti wina awamva. Ndinawayang'ana bambo aja, chipewa chili m'manja monga tsiku lija. Ndiwauze chiyani? Anachita zomwe ine ndikanachita ndikanakhala ndi makwerero. Anachita zomwe ndimachita ndi wayilesi yanga, ndi tivi yanga, ndi ndowa yanga. Ndipo amene anawakankhira pamakwereropo ndi manyazi omwe ndinawachititsa pamaso pa ana.

"Agogo," ndinatero, "kabokosika kamapuma. Kali ndi timabowo kunsi. Sitinakuuzeni, nanenso sindinkadziwa. Tengani makwerero tikamasule."

Ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene nkhaniyo inkawalowa, kuchokera pa pulasitiki, kupita pa foni yanga, kukafika pa ngolo ija.

"Ndiye kuti abambo aja... ndine?"

"Iyayi, agogo. Si inu. Ndine."

Sanandikhulupirire, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati anandikhulupirira. Anakwera, anamasula mphira ija pang'onopang'ono, anatsika ndi pulasitiki ataipinda. Tinaima pomwepo tonse awiri tikuyang'ana foni. Sipanapite nthawi yaitali, kadontho kanasanduka kachikasu. Kenako kanafiira. Anthu amati mphuno salota, koma yanga inandiuza zoona masabata atatu, ine nkumaitsutsa.

Tsiku lomwelo ndinaitanitsa aphunzitsi onse, aakazi ndi aamuna, ndi a mlonda omwe, ndinawaimika pansi pa kabokosiko nkuwaonetsa timabowo tija mmodzimmodzi. Mayi wa zaumoyo atamva, anayendera malo onse omwe kuli timabokosi. Anandiuza kuti kwina anapeza atakamangira kadenga ka udzu, kwina atakasunthira mu ofesi ya ahedi kuopa akuba. Tsopano akamafotokoza amayamba wafunsa kuti, ophika ali kuti, aitaneni. Ndipo kadontho kamodzi kakasiyana ndi tinzake tonse masiku awiri, amabwera yekha kapena amatuma munthu, sakhulupiriranso mawu a pafoni.

Amuna anga anatuluka m'chipatala patapita masiku asanu ndi anayi. Adokotala anandiuza mosabisa kuti mapapo aja atsikanso, ndipo zomwe zatayika sizibwerera. Kuchoka pakhonde kupita kuchimbudzi amapumira panjira. Tomato uja anauma yense. Njinga anthu anaibweretsa kuchokera kudimba, makeni ali chimangirire, ndipo tinaiimika pabalaza motsamira khoma.

Sabata yoyamba sindinawauze za pulasitiki. Ndinkaopa. Iwo ankaganiza kuti kawayilesi kanangowonongeka kokha, monga zimachitira zinthu. Koma ine chakudya sichinkatsika. Tsiku lina masana ndikuwapatsa phala ndinangoyamba, ndinanena zonse, za kukalipira a mlonda, za uthenga womwe sindinautsatire, za mtunda woponya mwala kawiri. Za m'mawa wa Lachinayi sindinafunike kuwakumbutsa.

Anaika supuni m'mbale. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinadzidzimuka, ndimayesa abanikanso. Anali akuseka.

"Ndiye kuti amene anali m'chikuta ndi kawayilesi," anatero, ndipo kusekako kunasanduka chifuwa, mpaka ndinawasisita pamsana misozi ikutuluka tonse awiri.

"Munanena kuti mukhale," ndinatero. "Ine ndinakutumani."

"Munandituma, inde," anatero atapezako mpweya. Sananene kuti palibe kanthu, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo. "Koma miyendo yopalasa inali yanga. Patseni phalalo lisanazizire."

Papita chilimwe china tsopano. Kabokosi kakadalipo, kofiirira ndi fumbi, ndipo a mlonda amangochotsa akangaude ndi nthenga ya nkhuku. Kadontho ndimakayang'anabe m'mawa uliwonse, chifukwa kamanena zoona ndipo kamaona zomwe ine sindingaone. Koma ndimayamba ndatuluka panja, kuyang'ana ngati mapiri akuoneka, kenako ndimayang'ana timadontho ta anzathu, kathu pomaliza. Nkhawa ija yomwe ndinkati ndaitula inabwerera yonse. Ndikakhala m'kalasi mwana nkuthamanga panja, mtima umati phwii ngati kale, ngakhale ndikudziwa kuti amuna anga ali pakhonde, sangapite kulikonse.

Kudimba sanabwererenso. Amati chaka chamawa, ine ndimati inde, chaka chamawa. Njinga ikadali pabalaza pomwe tinaiimika. Matayala anaphwa.

Loweruka lina ndikukonza m'nyumba ndinaona kuti fumbi ladzaza pachishalo ndi pamahandulo, moti ndikanatha kulembapo dzina ndi chala. Ndinaipukuta. Kenako, osaganiza nkomwe, ndinatsegula kabati nkutulutsa chitenje chatsopano, ndinachitambasula, nkuyamba kuyala kuchokera kumahandulo.

"Mayi."

Anali ataima pakhomo, dzanja limodzi lagwira felemu ya chitseko, akupuma movutika chifukwa cha masitepe awiri a pakhonde. Sankaseka.

"Musaifunditse," anatero. "Mwini wake ndikadalipo."

Ndinachotsa chitenjecho, ndinachipinda nkuchibwezera m'kabati. Njingayo ndimaipukuta Loweruka lililonse, ndipo pofika Lachiwiri imakhala itadzazanso fumbi.